Febe wa ku Kenkreya

Pa zaka zonse zimene ndakhala ndikupemphera, sindikumbukira Lamulungu limene mlaliki anatsegula mutu 16 wa kalata ya Paulo yopita kwa Aroma n'kuimapo. Mutu 8 timaumva pa maliro. Mutu 12 sulephera pa misonkhano ya achinyamata. Koma mutu wotsirizawu, wodzaza ndi mayina opinda lilime, ambiri timaudumpha poganiza kuti ndi moni wotsanzikira chabe, nkhani yeniyeni itatha kale. Inenso ndinaudumpha kwa zaka zambiri. Tsiku limene ndinauwerenga modekha ndinapeza kuti pakhomo pake penipeni paima mayi wina dzina lake Febe, ndipo kuyambira tsiku limenelo sindithanso kutsegula kalata ya Aroma osamuona mayiyu ataifumbatira.

Zonse zimene Chipangano Chatsopano chimanena za Febe zili m'mavesi awiri oyambirira a mutuwu. Paulo akumupereka m'manja mwa Akhristu a ku Roma. Akumutcha mlongo, akuti ndi mtumiki wa mpingo wa ku Kenkreya, ndipo akuwapempha kuti amulandire mwaulemu woyenera anthu a Mulungu, amuthandizenso pa chilichonse chimene angafune kwa iwo, popeza iyeyo wakhala akuimirira anthu ambiri, Paulo yemwe ali momwemo. Mawu ake athera pomwepo. Komabe anthu akale amene ankakopera kalatayi pamanja anazindikira chifukwa chake dzina la Febe lili patsogolo pa mayina ena onse, moti m'mipukutu yambiri anawonjezera kamzere kumapeto konena kuti kalatayi inalembedwera ku Korinto ndipo inatumizidwa kudzera mwa Febe. Akatswiri ambiri a masiku ano amavomereza zomwezo. Paulo sakanawauza Aroma kuti alandire munthu amene sanali panjira yopita kwa iwo, ndipo wonyamula kalata ndiye ankatchulidwa motere.

Dzina lake m'Chigiriki ndi Phoibe, kutanthauza wowala. M'nthano za Agiriki linali dzina la mulungu wina wamkazi wamakedzana, ndipo Artemis naye ankatchulidwa nalo. Makolo achiyuda sakanafulumira kupatsa mwana wawo dzina lotere, n'chifukwa chake ambiri amati Febe anabadwira m'banja lopembedza milungu ya Agiriki. Atalowa Chikhristu dzinalo sanalitaye, ndipo Paulo, Mfarisi wophunzira uja, analitchula popanda kunyinyirika.

Kwawo kwa Febe kunali kudoko. Mzinda wa Korinto unamangidwa pakhosi pa dziko la Greece, pamene mtunda umapanikizika pakati pa nyanja ziwiri n'kutsala makilomita 6 okha m'lifupi. Aroma anaupasula mzindawu m'chaka cha 146 Yesu asanabadwe, ndipo unakhala bwinja mpaka Julius Caesar analamula kuti umangidwenso m'chaka cha 44 Yesu asanabadwe. Ambiri mwa amene anatumizidwa kukakhalako anali akapolo omasulidwa. Unali mzinda wa anthu obwera, kumene munthu ankatchuka ndi thumba lake koposa ndi dzina la agogo ake. Unali ndi madoko awiri. La Lechaion linkayang'ana ku Italy, pamene la Kenkreya, pamtunda wa makilomita pafupifupi 10 kum'mawa kwa mzinda, linkalandira zombo zochokera ku Efeso, ku Syria ndi ku Egypt. Amalinyero ankaopa kwambiri kuzungulira kumwera kwa Peloponnese, pa Cape Malea pamene mphepo imaswa zombo, choncho ambiri ankatsitsa katundu padoko limodzi n'kumudutsitsa pamtunda kukakweza padoko linalo. Aliyense wokhala ku Kenkreya ankadya za pamadzi mwanjira ina yake: wina wosenza, wina wosunga katundu, wina wobwereketsa ndalama, wina wogoneka alendo.

Pausanias, amene anayenda m'dziko la Greece n'kulemba zimene anaona patapita zaka pafupifupi 100 chichokere nthawi ya Febe, anapeza ku Kenkreya kachisi wa Aphrodite mbali imodzi ya doko, malo opembedzerapo Asklepios ndi Isis mbali inayo, ndi fano lamkuwa la Poseidon pa khoma lotchinga mafunde. Apa ndi pamene kampingo kakang'ono ka Febe kankasonkhana, m'nyumba ya munthu, pakati pa fungo la nsomba ndi phokoso la zinenero khumi. Lero malowa ndi mudzi wotchedwa Kechries. Zivomezi zinatsitsa gombe, moti makoma ambiri a dokolo ali pansi pa madzi. Ofukula zakale ochokera ku mayunivesite a Chicago ndi Indiana atakumba kumeneko m'zaka za m'ma 1960 anapeza nyumba zosungiramo katundu, mabwinja a tchalitchi chimene chinamangidwa patapita zaka mazana angapo, ndi zithunzi zagalasi zoposa 100 zikadali m'mabokosi ake amatabwa, zitamira mwini wake asanazitsegule.

Paulo anafika ku Korinto koyamba cha m'ma 50, nakhalako chaka ndi theka akusoka mahema pamodzi ndi Akula ndi mkazi wake Priska, Ayuda amene anali atangothamangitsidwa ku Roma polamula mfumu Claudius. Zaka zimenezi timazidziwa bwino chifukwa cha mwala wolembedwa umene unapezeka ku Delphi, wosonyeza kuti Galiyo, bwanamkubwa amene Paulo anaimirira pamaso pake, ankalamulira chigawochi cha m'ma 51 ndi 52. Buku la Machitidwe limanena kuti pochoka, Paulo anameta tsitsi ku Kenkreya chifukwa cha chowinda chimene anachita, kenaka anakwera chombo pomwepo. Choncho dokoli ankalidziwa, ndipo anthu ake ankamudziwa.

Anabwereranso cha m'ma 56 kapena 57 n'kukhala miyezi itatu. M'miyezi imeneyi ndi mmene kalata ya Aroma inabadwira, ndipo mutu 16 womwe uja umatilowetsa m'chipinda chimene inalembedwera. Mwini nyumba anali Gayo. Wogwira cholembera anali Tertio, amene analowetsamo moni wakewake pa vesi 22. Timoteo analipo. Erasto, msungichuma wa mzinda, anapereka moni, ndi mbale wina dzina lake Kwarto. Paulo ankalankhula, Tertio akulemba pa gumbwa, ndipo ntchito yotere sinali ya madzulo amodzi. Kalatayi ili ndi mawu Achigiriki oposa 7,000, ndipo ndiyo yaitali kuposa makalata ena onse a Paulo, pamene makalata wamba a nthawi imeneyo, amene apezeka ambirimbiri mumchenga wa ku Egypt, ankakwana pa tsamba limodzi.

Tiyenera kumvetsa zimene zinali pamtima pa Paulo kuti tione kulemera kwa katundu amene anamusenzetsa Febe. Ku Roma anali asanapondeko, ndipo mpingo wakumeneko sanauyambitse ndiye. Ankaona kuti ntchito yake kum'mawa yatha, kuyambira ku Yerusalemu mpaka ku Iliriko, ndipo maso ake anali ku Spain. Kuti akafike kumeneko ankafunika Akhristu a ku Roma amuperekeze, ndipo kuperekeza kwa masiku amenewo kunali kamba, ndalama, anzake apanjira ndi omasulira. Komanso mbiri yake inali itamutsogolera, ndipo sinali yokoma yokhayokha. M'mutu 3 iye mwini akudandaula kuti ena ankamunamizira kuti amaphunzitsa anthu kuchita zoipa kuti zabwino zibwere. Pamwamba pa zonsezi, asanapite ku Roma ankayenera kukatula ku Yerusalemu chopereka chimene mipingo ya ku Makedoniya ndi Akaya inasonkhera osauka, ndipo ulendo umenewu ankauopa. Anapempha Aroma kuti amupempherere kuti akapulumuke. Munthu amene akukayika ngati adzabwerako wamoyo, ndipo waika uthenga wake wonse pa mpukutu umodzi, sapatsira mpukutuwo munthu wongokumana naye padoko.

Positi ya anthu wamba kunalibe. Mfumu Augustus anakhazikitsa njira yotumizira makalata yokhala ndi akavalo ndi malo opumira, koma inali ya boma lokha. Wolemera ankatuma kapolo wake, ndipo wina aliyense ankadikira munthu wopita komweko. Zombo zonyamula anthu okhaokha kunalibenso. Wapaulendo ankapita padoko kukafunsafunsa chombo cha katundu cholowera kumene akufuna, n'kupangana mtengo ndi mwini wake. Ankadzitengera chakudya ndi zofunda, n'kumagona pamwamba pa chombo, dzuwa ndi mvula zili pamutu. Kuyambira Novembala mpaka Malichi nyanja ya Mediterranean ankaiona ngati yotsekedwa chifukwa cha mikuntho, choncho kalata yolembedwa m'miyezi yozizira inkadikira kuti nyengo itseguke.

Kuchokera ku Korinto njira zinali ziwiri. Munthu ankatha kukwera ku Lechaion, kuwoloka nyanja ya Adriatic kukatsikira ku Brundisium, pachidendene pa Italy, kenaka n'kutsata msewu wa Via Appia makilomita oposa 500 mpaka ku Roma. Kapena ankapitirira pamadzi, kudutsa pakati pa Sicily ndi Italy kukatsikira ku Puteoli, pafupi ndi Naples, n'kutsala ndi makilomita oposa 200 apamtunda. Iliyonse mwa njirazi inkatenga milungu ingapo, ndipo iliyonse inkadya anthu. Paulo anali atauza kale Akorinto kuti chombo chinamuswekera katatu. Josephus, wolemba mbiri wachiyuda, anapita ku Roma patangopita zaka zochepa, ndipo analemba kuti chombo chawo chinamira m'nyanja ya Adriatic muli anthu pafupifupi 600, ndipo iye anali mmodzi mwa anthu pafupifupi 80 amene anavuulidwa ndi chombo china kutacha. Gumbwa ndi madzi sizigwirizana. Ndikaganiza za Augustine akutsegula mutu 13 m'munda ku Milan m'chaka cha 386, kapena Martin Luther akulimbana ndi mutu woyamba ku Wittenberg, kapena John Wesley mtima ukumutenthera ku Aldersgate mu 1738 pomvera mawu a Luther ofotokoza kalata yomweyi, ndimakumbuka kuti zonsezi zinayamba zadutsa pamadzi amenewa, zitakulungidwa m'katundu wa mayi wa ku Kenkreya.

Koma kufikitsa mpukutu inali theka chabe la ntchito, ndipo mbali inayo ndinaiphunzira pakhonde la agogo anga ndisanadziwe n'komwe dzina la Febe. Amalume anga ankagwira ntchito ku migodi ya ku Joni, ndipo makalata awo ambiri ankapatsira munthu wobwerera kumudzi. Ndikukumbukira bambo wina atafika madzulo, fumbi lili mpaka m'maondo. Anamuyalira mpasa, anamupatsa madzi, malonje anatha, kenaka anapisa dzanja m'thumba la mkati la jekete n'kutulutsa envulopu yofewa ndi thukuta. Mnyamata wa sukulu ndiye anawerenga. Koma agogo sankayang'ana wowerengayo, maso awo anali pa mlendo. Pamene kalata inati amalume anadwalapo pang'ono koma ali bwino, agogo anakweza dzanja kuti mnyamata aime. "Bambo, inu munawaona ndi maso. Munawasiya akuyenda okha, kapena ali gone?" Mlendoyo anayankha, agogo anafunsanso, ndipo kalata ya tsamba limodzi inatenga mpaka mdima. Zimene pepala linabisa, nkhope ya wolibweretsa inaulula.

Umu ndi mmene zinkakhaliranso m'nthawi ya Paulo. M'kalata yopita kwa Akolose muli mawu owauza kuti Tukiko, amene ananyamula kalatayo, adzawafotokozera zonse pakamwa. Wonyamula kalata anali mbali ya kalatayo. Tsono ku Roma kunalibe tchalitchi choti Febe akaime kutsogolo kamodzi n'kuthana nazo. Akhristu ankasonkhana m'nyumba, ambiri m'madera a anthu osauka ndi obwera monga Trastevere, kutsidya kwa mtsinje wa Tiber. Moni wa Paulo ukusonyeza magulu osachepera asanu: mpingo wa m'nyumba ya Priska ndi Akula, a m'nyumba ya Aristobulo, a m'nyumba ya Narkiso, ndi magulu ena awiri amene akuwatchula ndi mayina a anthu ake. Kalata inayenera kuyenda khomo ndi khomo. Kuiwerenga mokweza kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto kumatenga pafupifupi ola lathunthu, ndipo inalembedwa monga ankalembera masiku amenewo, zilembo zitalumikizana popanda mipata pakati pa mawu. Mitu ndi mavesi zimene timadalira ife zinabwera patapita zaka zoposa 1,000. Kaya wowerenga anali Febe yemwe kapena wina wa m'nyumbamo, pofika pamalo povuta anthu ankatembenukira kwa munthu amene anachokera kumene kalata inachokera.

Ndipo malo ovuta analipo. Claudius atamwalira m'chaka cha 54, Ayuda amene anathamangitsidwa aja anayamba kubwerera, Priska ndi Akula ali momwemo. Anapeza mipingo imene anaisiya ili m'manja mwa anthu a mitundu ina, amene sankasamala za zakudya zoletsedwa kapena masiku opatulika. Mutu 14 wonse ukukamba za mkangano umenewu: wina akudya nyama, wina ndiwo zamasamba zokha, ndipo aliyense akuyang'ana mnzake ndi diso lofiira. Mitu 9 mpaka 11 ikulimbana ndi funso lopweteka kwambiri, loti kodi Mulungu wawataya Aisraeli, ndipo ikuchenjeza amitundu kuti asadzitukumule. Tangoganizani mayi wa dzina la mulungu wa Agiriki atakhala m'chipinda chopanikizana, nyale yamafuta ikuyaka, mbali iyi kuli Myuda amene anataya nyumba ndi malonda chifukwa cha lamulo la mfumu, mbali iyo kuli kapolo wa m'nyumba ya Narkiso amene sanalowepo m'sunagoge, ndipo onse awiri akufuna kudziwa kuti Paulo ali mbali ya yani. Pamafunika munthu wamutu komanso wodziwa kugwira mitima. Ine ndimakhulupirira kuti munthu woyamba kufunsidwa tanthauzo la kalata ya Aroma, Origen wa ku Alexandria ndi Augustine asanabadwe, anali Febe.

Paulo anamuveka mayina oti amutsegulire zitseko. Loyamba, mlongo, ndi losavuta kumva: mlendo uyu ndi wa pabanja, musamugoneke kunyumba ya alendo. Lachiwiri ndilo lavutitsa anthu. M'Chigiriki Paulo anati Febe ndi diakonos wa mpingo wa ku Kenkreya. Liwuli limatha kunena munthu woperekera zakudya patebulo, monga anyamata amene anatunga madzi pa ukwati wa ku Kana. Koma Paulo amadzitchula nalo yekha, amatchula nalo Apolo, ndipo likupezekanso pa Tukiko ndi Epafra. Polembera Afilipi analigwiritsa ntchito ponena za gulu lodziwika la atsogoleri, pambali pa oyang'anira. M'mutu 15 wa kalata ya Aroma yomweyi analiika ngakhale pa Khristu. Ndipo m'Chipangano Chatsopano chonse, Febe yekha ndiye munthu wotchulidwa dzina amene akunenedwa kuti ndi diakonos wa mpingo wakutiwakuti. Izi zikumveka ngati udindo umene mpingo unkauzindikira, osati kungoyamikira mtima wake wabwino.

Omasulira Baibulo la Chingerezi la King James mu 1611 atafika pa liwuli ponena za Paulo, Tukiko ndi Epafra, anasankha mawu aulemu amene amatchulira abusa. Atafika pa Febe anasankha mawu amene amatchulira wantchito. Liwu la Chigiriki ndi limodzimodzi, chimene chinasintha ndi munthu wonenedwayo, ndipo zimenezi zimandipweteka. Ife a Chichewa tili ndi mwayi pamenepa, chifukwa liwu lathu loti mtumiki limasenza zonse ziwiri monga mmene Chigiriki chimachitira: wotumidwa kukatunga madzi ndi mtumiki, ndipo m'busa naye timamutcha mtumiki wa Mulungu. Komabe tisamuveke Febe mikanjo ya zaka za m'tsogolo. M'chaka cha 57 maudindo a mumpingo anali asanasanjidwe ngati makwerero, bishopu pamwamba, wansembe pakati, dikoni pansi. Zimenezo zinakhazikika pambuyo pake. Chimene tinganene n'chakuti ku Kenkreya munthu akafuna woimira mpingo, ankamulozera kwa Febe.

Dzina lachitatu ndi limene ndimalikonda koposa, ndipo likupezeka kamodzi kokha m'Chipangano Chatsopano: prostatis. Kulimasulira kuti mthandizi n'kulichepetsa. Pachiyambi pake limatanthauza munthu woima patsogolo pa wina. Ku Athens wakale, mlendo wokhala mumzinda ankayenera kukhala ndi nzika yomuimirira pa nkhani za malamulo, ndipo nzikayo inkatchedwa ndi liwu lomweli, lachimuna lake. M'nthawi ya Aroma linkanena munthu wachuma ndi wodziwika amene ankasunga anthu pansi pa phiko lake. M'chinenero chathu liwu loyandikira ndi nkhoswe, munthu amene mlandu ukabuka amati tiitanireni uje, ndipo iye amabwera n'kukhala pabwalo m'malo mwako.

Kuti mayi angakhale wotere ku Korinto si nkhani yongoganizira. M'zaka za m'ma 1950, pafupi ndi Korinto panapezeka mwala wolembedwa zigamulo zisanu zolemekeza mayi wina dzina lake Junia Theodora, amene anakhala mumzindawu m'zaka zomwezo za Febe. Mizinda ya ku Lycia monga Myra, Patara ndi Telmessos inamuthokoza chifukwa ankalandira m'nyumba mwake anthu akwawo, amalonda ndi akazembe omwe, n'kumawalankhulira kwa akuluakulu a boma la Roma. Pofotokoza ntchito yakeyi, mwalawo unagwiritsa ntchito liwu la banja limodzi ndi limene Paulo anaika pa Febe. Tsono taonani Kenkreya: Mkhristu wochokera ku Efeso watsika m'chombo, sadziwa munthu, akufuna pogona, akufuna womuimira kwa okhometsa msonkho, mwina wadwala panyanja. Paja amati mlendo ndi mame, koma mame a padoko amagwa tsiku ndi tsiku, ndipo wowasamala amafunika nkhokwe yakuya. Paulo akuti amene anapindula ndi Febe ndi ambiri, n'kudziwerengera yekha m'gulumo. Pauloyu ndi munthu amene anakana kulandira malipiro kwa Akorinto, n'kumanyadira kuti amadya za manja ake. Kuti munthu wotere avomere poyera, m'kalata yokawerengedwa mumzinda waukulu wa dziko lonse, kuti pali mayi amene anamuimirira, ndiye kuti ngongoleyo inali yeniyeni. Katswiri wina wa kalata ya Aroma, Robert Jewett, anafika ponena kuti nkhani imene Febe ankafunira thandizo ku Roma inali yokonzekera ulendo wa ku Spain womwe uja.

Febe sanali yekha. Mwa anthu amene Paulo akuwapatsa moni ku Roma, asanu ndi anayi ndi akazi: Priska, Mariya, Yuniya, Trufena, Trufosa, Persida, Yuliya, mlongo wake wa Nereo, ndi amayi ake a Rufo, amene Paulo akuti analinso mayi kwa iye. Ndipo utumiki wa akazi sunathere m'badwo umenewo. Cha m'ma 112, Pliny, bwanamkubwa wa ku Bithynia, analembera mfumu Trajan kuti pofuna kudziwa zoona za Akhristu anazunza akapolo awiri aakazi amene Akhristuwo ankawatcha ministrae, liwu la Chilatini lotanthauza atumiki. Mayina awo sanawalembe. Origen wa ku Alexandria, pofotokoza kalata ya Aroma cha m'ma 240, anati mavesi a Febe akuphunzitsa ndi ulamuliro wa mtumwi kuti akazi nawonso amaikidwa pa utumiki wa mpingo. John Chrysostom polalikira pa mutu womwewu anaonetsa omvera ake kuti Paulo anatchula Febe patsogolo pa wina aliyense, ndipo pamene anali bishopu ku Constantinople, mmodzi mwa anthu amene anamuimirira mpaka pa nthawi imene anathamangitsidwa mumzindawo anali Olympias, mayi wachuma amene anadzozedwa udikoni.

M'mipingo ya kum'mawa udindowu unakula n'kukhala ndi malamulo ake. Buku lina la malangizo a mpingo lolembedwa ku Syria m'zaka za m'ma 200 limafotokoza ntchito yake momveka: pobatiza, munthu ankavula n'kudzozedwa mafuta thupi lonse, choncho akazi ankafunika mkazi mnzawo, komanso kunali makomo a anthu osakhulupirira kumene mwamuna sakanatha kulowa kukaona mayi wodwala. Msonkhano wa ku Chalcedon mu 451 unalamula kuti mkazi asadzozedwe udikoni asanakwane zaka 40. Mu 535 mfumu Justinian anaika malire a chiwerengero cha atumiki a tchalitchi chachikulu cha Hagia Sophia, ndipo pa madikoni aamuna 100 panali aakazi 40. Pemphero lodzozera mkazi limene lasungidwa m'buku la mapemphero la zaka za m'ma 700 limatchula Febe ndi dzina, kupempha Mulungu kuti apatse wodzozedwayo chisomo chimene anapatsa iye. Pa Phiri la Azitona, ku Yerusalemu, panapezeka mwala wa pamanda a dikoni wina dzina lake Sophia, ndipo omuika anafunafuna mawu omulemekezera n'kupeza awa: Febe wachiwiri.

Kumadzulo zinthu zinayenda mwina. Misonkhano ya mabishopu a ku Gaul, ku Orange mu 441, ku Epaon mu 517 ndi ku Orléans mu 533, inaletsa kudzoza akazi. Ubatizo wa makanda utafala, ntchito ya pamadzi ija inachepa, ndipo maganizo oti mkazi sayenera kuyandikira guwa anakula, mpaka udindowo unazilala ngakhale kum'mawa. Dzina la Febe linatsalira pa kalendala, pa 3 Seputembala, tsiku limene Akatolika ndi a Orthodox amamukumbukira. Koma nkhani yake sinagone. Mu 1836 m'busa Theodor Fliedner anatsegula nyumba yophunzitsira atumiki aakazi osamala odwala ku Kaiserswerth, ku Germany, kumene Florence Nightingale anakaphunzirako. Papa Francis anakhazikitsa makomiti awiri, mu 2016 ndi mu 2020, ofufuza za udikoni wa akazi. Ndipo pa 2 Meyi 2024, ku Harare, Metropolitan Serafim wa tchalitchi cha Orthodox cha Alexandria anadzoza mayi Angelic Molen kukhala dikoni. Paliponse pamene nkhaniyi yabuka, otsutsa ndi ovomereza omwe amabwerera ku mavesi awiri aja.

Zimene Paulo ankaopa ku Yerusalemu zinachitikadi. Anagwidwa m'kachisi, anakhala m'ndende ku Kaisareya zaka ziwiri, ndipo atapempha kuti mlandu wake ukamvedwe ndi Kaisara anamukweza chombo ali mkaidi. Chombocho, chimene munali anthu 276, chinasweka pa chisumbu cha Malta. Cha m'ma 60 anatsikira ku Puteoli, nayamba kukwera Via Appia pakati pa asilikali. Sanabwere monga mmene analonjezera m'kalata, mlendo waufulu wopita ku Spain. Anabwera ndi unyolo, ndipo mumzinda wa mfumu Nero kudziwana ndi mkaidi wotere kukanatha kumuika munthu m'mavuto. Koma mbiri ya kubwera kwake itafika ku Roma, Akhristu ananyamuka kukamuchingamira. Ena anafika pa Nyumba za Alendo Zitatu, makilomita pafupifupi 50 kuchokera mumzinda. Ena anapitirira mpaka pa Bwalo la Apiyo, makilomita oposa 60, ulendo wa masiku awiri wapansi. Luka, amene anali naye, analemba kuti Paulo atawaona anayamika Mulungu, mtima wake n'kukhala m'malo. Ambiri mwa anthu amenewa ayenera kuti anali asanaonepo nkhope yake. Ankamudziwa ndi mawu amene anawamva zaka zitatu m'mbuyomo, m'zipinda zawo zopanikizana, kuchokera pa mpukutu umene Febe anabwera nawo.